Muvuleni Nsapato Wodwala: Khansa ya Melanoma Imabisala Kuphazi

Akuluakulu a chipatala, madokotala, anamwino ndi azamba, alangizi a zaumoyo, anzathu odzipereka amene mumayendera odwala m'midzi, ndi inu nonse amene mwachokera ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma, lero ndikulankhula nanu pano pa Namitete. 

Kuno kwathu tikangoti khansa, maganizo amathamangira ku khansa ya khomo la chiberekero, khansa ya kummero ndi Kaposi. Sitikulakwa, pakuti zimenezi ndi zimene zadzaza mawodi athu. Khansa imene ndabwera nayo lero, melanoma, siibwera tsiku ndi tsiku; namwino akhoza kutha chaka chathunthu osakumana nayo. Koma ili ndi khalidwe lofunika kulidziwa. Ikapezeka msanga imatha ndi mpeni ndi ulusi basi, m'fiyeta wamba, wodwala n'kubwerera kumunda kwake. Ikachedwa imasowetsa pogwira ngakhale madokotala a m'mayiko olemera. Cholekanitsa ziwirizi ndi mamilimita ochepa a kuzama kwa chotupacho, ndipo mamilimitawo amaonjezekera m'miyezi imene ife tikutsuka chilonda ndi kumanga bandeji osadzifunsa kuti chilondachi n'chanji. Ndiye tiyeni tiidziwe khansayi mmene imayambira, mmene imakulira ndi mmene imayendera m'thupi, kuti tidziwe pokaidikirira.

Tiyambe ndi selo lenilenilo. Khungu lili ndi magawo awiri akuluakulu. La pamwamba ndi lopyapyala, lopanda mitsempha ya magazi. La pansi ndi lochindikala, ndipo m'menemo ndi modutsa mitsempha ya magazi ndi timitsempha ta madzi a m'thupi tolowera ku anabere. Pamalire a magawo awiriwa pamakhala maselo otchedwa melanocyte, limodzi pa maselo pafupifupi khumi a mzere wapansiwo. Ntchito yawo ndi kupanga melanin, utoto umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Selo limodzi limatambasula timanja take n'kugawira utotowo maselo anzake oposa 30, ndipo utotowo umakakhala pamwamba pa DNA ya selo lililonse n'kumaitchinga ku dzuwa. Mzungu ndi munthu wakuda ali ndi maselo amenewa ochuluka mofanana. Kusiyana kuli pa mtundu ndi kuchuluka kwa utoto umene maselowo amapanga. Choncho munthu aliyense, kaya ndi wakuda bii, ali nalo selo loti likhoza kusanduka melanoma. Chinanso, maselowa ndi oyendayenda chibadwire. Mwana akadali m'mimba, amanyamuka pafupi ndi msana n'kuyenda mpaka kukafika pakhungu lonse, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti luso loyendali ndi limene limadzukanso selo likasanduka khansa.

Khansa imayamba pamene malangizo a mu DNA aonongeka, selo n'kuyamba kuchulukana osamvanso zoti lileke. Kwa azungu chimene chimaononga DNA ya melanocyte kawirikawiri ndi dzuwa. N'chifukwa chake melanoma yachuluka koposa ku Australia ndi ku New Zealand, kumene anthu a khungu loyera amakhala pa dzuwa lamphamvu. Mu 2020 anthu pafupifupi 325,000 padziko lonse adapezeka nayo, ndipo pafupifupi 57,000 adamwalira nayo. Mabuku ambiri amene tidaphunzira ku koleji adalembedwa ku Ulaya ndi ku America. Zithunzi zake n'za misana ndi miyendo ya azungu, ndipo uthenga wake ndi woti thawani dzuwa. Wophunzira wa kuno akawerenga amatsala ndi maganizo akuti nthendayi ili ndi eni ake, ife siitikhudza.

Utoto wathu umatitchinjirizadi, koma si melanoma yonse imene imayamba ndi dzuwa. Mwa munthu wakuda khansayi imakonda pansi pa phazi, pachikhatho ndi kunsi kwa chikhadabo, ndipo mwa malo atatuwa phazi ndilo limatsogola. Izi zidadziwika kale. Mu 1967 M. G. Lewis adalemba za odwala a ku Uganda, n'kuonetsa kuti ambiri mwa iwo idawagwira kuphazi. Mu 1976 Richard Reed wa ku America adaizindikira kuti ndi mtundu wakewake wa melanoma. Mu 2005 gulu la Boris Bastian ku San Francisco lidaunika DNA ya zotupa zochokera pamalo osiyanasiyana a thupi, n'kupeza kuti ya kuphazi ndi yosiyana ndi ya pamalo oombedwa ndi dzuwa. Kafukufuku wotsatira adaonjezera kuti ya dzuwa imakhala ndi tizilema tambirimbiri tomwazikana mu DNA, pamene ya kuphazi ili ndi tizilema tochepa, koma zigawo zikuluzikulu za DNA zimaduka, kusinthana malo kapena kubwerezedwa kambirimbiri. Mfundo imeneyi muisunge, idzatithandiza tikafika pa mankhwala.

Madokotala a ku Japan, kumene mtundu umenewu ndi wofala, adalemba mu 2016 kuti zotupazi zimapezeka kwambiri pamalo amene amasenza thupi poyenda, pachidendene ndi kutsogolo kwa phazi, osati pakati pokwera paja posagunda pansi. Zikuoneka kuti kupanikizika kwa khungu kwa zaka zambiri kumathandizira. Ganizirani tsono mapazi amene timawaona kuno: a munthu amene walima mizere chibadwire ali wosavala nsapato, a mayi wotunga madzi, a mnyamata wopalasa kabaza ndi patapata, odzaza ming'alu ndi zikang'a. Pa phazi lotere banga lakuda salisamala ndi mwini wake yemwe. Komabe tisanene kuti chitsa kapena minga zimabala khansa. Kawirikawiri kupunthwako kumangoulula chotupa chimene chidalipo kale.

Melanoma ya kuphazi imakula pawiri. Poyamba maselo ake amayanga m'mbali, ali m'gawo la pamwamba lija. Chimaoneka ndi banga lakuda kapena lofiirira, losatupa, losapweteka, la m'mphepete mokhotakhota, limene likunka likula pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka. Panthawiyi khansa ilibe njira yopitira kwina, poti kumtundako kulibe mitsempha. Kenaka gulu lina la maselo limaboola malire n'kulowa pansi, ndipo pabangapo pamatuluka chotupa chimene chimaphulika n'kumatuluka magazi. Alimi nonse mukuudziwa udzu wa kapinga: ukangoyanga pamwamba umazuka ndi dzanja, koma ukazika mizu umabwerera ngakhale mupalire chotani.

Mu 1970 Alexander Breslow, katswiri woyeza minofu ku Washington, adaonetsa kuti tsogolo la wodwala limadalira kuzama kwa chotupa, osati kutambalala kwake. Mpaka lero lipoti lililonse la melanoma limatchula muyeso umenewu. Mwa odwala 100 amene chotupa chawo sichidapitirire milimita 1, oposa 95 amakhala adakali moyo patatha zaka 10. Chikapitirira mamilimita 4 n'kuphulika chilonda, amatsala pafupifupi 75, ndipo apa tikunena amene khansa sidafike ku anabere, m'mayiko okhala ndi chithandizo chonse. Ikafika ku anabere chiwerengero chimatsikanso. Mukabwerera kuntchito tengani rula muone timizere tating'ono tija: moyo wa munthu uli pakati pa kamzere koyamba ndi kachinayi.

Ikalowa pansi, njira yake yoyamba ndi timitsempha ta madzi a m'thupi. Ya kuphazi imakwera mwendo kukafika m'mphechepeche, nthawi zina n'kuima kaye kuseri kwa bondo, ndipo m'njiramo imasiya timibulu takuda pansi pa khungu. Ya padzanja imakwera kukafika m'khwapa. Njira yachiwiri ndi magazi, amene amaifikitsa kumapapo, kuchiwindi, kumafupa ndi kuubongo. Munthu amene adadulidwa chala cha kuphazi zaka zapitazo akabwera ndi chifuwa chosamva mankhwala a TB, kapena akayamba kugwa ngati wakhunyu atakula kale, funsani kuti chala chija chidadulidwa chifukwa chiyani.

Tiyerekeze tsono mayi wa zaka za m'ma 60, mlimi wa mtedza ndi fodya. Pachidendene pawo pali banga lakuda limene iwo sadalionepo bwinobwino, pakuti ndani amayang'ana pansi pa phazi lake? Nyengo ina ya dzinja bangalo likuphulika ali kumunda. Akupita kuchipatala chaching'ono, nati, "Adokotala, ndinaponda chitsa." Mzere ndi wautali, dokotala ali yekha. Akuyang'ana chilondacho phazi lili pansi, akulemba mankhwala opaka a GV, bandeji ndi mankhwala opha tizilombo. Mwezi wotsatira mayi aja akubweranso, akupeza munthu wina, amene akulemba mankhwala ena. M'kabuku ka kuchipatala mwalembedwa "chilonda cha kuphazi" tsamba ndi tsamba, koma palibe amene walemba kukula kwake. Kunyumba abale akuyamba kunong'onezana kuti chilonda chosamva jakisoni n'chochita kutcheredwa, mayiwa adaponda mankhwala pamalire a munda. Akupita nawo kwa sing'anga, amene akutema mphini mozungulira. Pamene akufika pachipatala chachikulu, chidendene chonse chasanduka chotupa chonunkha, ndipo m'mphechepeche muli mwanabere wolimba gwa, wosapweteka.

Palibe amene adawachitira nkhanza mayiwa. Aliyense adachita zimene amachitira chilonda. Chidasowa ndi munthu mmodzi wonyamula phazilo, kulitsuka, kuliunika poyera n'kuona kuti m'mphepete mwa chilonda muli utoto wakuda wolowerera pakhungu labwino. Ndipo tisathamangire kudzudzula abale kuti adapita kwa sing'anga. Adayamba ndi ife, ndipo adachoka titalephera kuwauza chimene chikuchitika.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Vuto ndi lakuti anthu akuda ambiri ali ndi timabanga kuphazi topanda vuto lililonse, ndipo sitingadule aliyense. Timabanga tabwino timakhala tating'ono, tambiri, tamtundu umodzi, pamapazi onse awiri, ndipo sitisintha. Banga lokayikitsa limakhala lokha, losiyana ndi anzake, lamitundu yosakanikirana, lakuda apa, lotuwa apo, lofiira pena, ndipo mwini wake kapena womuyang'anira amavomereza kuti likukula. Toshiaki Saida wa ku Japan adaphunzitsa kuti banga lotuluka munthu atakula kale, likapitirira mamilimita 7 kutambalala kwake, liyenera kuyezedwa. Adaonetsanso kanthu kena kooneka ndi galasi lokulitsa. Khungu la kuphazi lili ndi timizere tokwera ndi timakwawa pakati pake, ngati tija timaoneka munthu akadinda chala. Banga labwino utoto wake umatsata timakwawa. Melanoma yongoyamba umakhala pa timizere tokwerato. Mukapaka inki m'mphepete mwa banga n'kupukuta, inki imatsalira m'timakwawa, ndipo mumadziwa kuti mzere ndi uti. Chizindikiro chimenechi chimathandiza, koma pa khungu lakuda musachidalire pachokha.

Msampha waukulu kuno ku Malawi ndi Kaposi. Tamuona kwambiri moti chotupa chakuda chilichonse cha kuphazi timangoti ndi yemweyo, makamaka wodwala akakhala pa ma ARV. Kaposi amachokera ku maselo a mitsempha, amayambitsidwa ndi kachilombo ka HHV-8, ndipo kawirikawiri amabwera ndi zotupa zambiri, mwendo wotupa ndi wolimba, ndi mabanga m'kamwa kumwamba. Melanoma imayamba ili imodzi. Koma maso amanamiza. Kafukufuku wa ku Uganda ndi Kenya wofalitsidwa mu 2016 adapeza kuti mwa zotupa zimene achipatala adaziganizira kuti ndi Kaposi, pafupifupi chimodzi mwa zinayi sichidatsimikizike atachiyeza. Munthu wa melanoma akaikidwa pa mankhwala a Kaposi amataya miyezi imene mpeni ukadamupulumutsa. Muyezeni HIV, muyang'aneni m'kamwa, koma kachidutswa ka mnofu kapitebe ku labotale.

Msampha wina ndi chilonda chosapola. Shuga amabweretsa zilonda za kuphazi, khate nalonso, koma pa awiriwa phazi limakhala lochita dzanzi, ndipo chilonda chimakhala chokumbika, chozunguliridwa ndi chikopa cholimba. Cha melanoma chimakhala chotumphuka, chotuluka magazi mukangochikhudza. Dziwaninso kuti maselo ena a melanoma amaleka kupanga utoto, chotupa n'kukhala chofiira ngati mnofu wamba, moti mukhoza kuchiyesa njerewere kapena mnofu wophuka pachilonda. Lamulo lake likhale ili: chilonda cha kuphazi chimene chasamalidwa bwino kwa miyezi iwiri osasintha chisalandirenso bandeji yokha.

Za chikhadabo tili ndi chitsanzo chimene aliyense akuchidziwa. Mu 1977 Bob Marley adapezeka ndi melanoma kunsi kwa chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi. Poyamba anthu ankati adavulala posewera mpira. Madokotala adamulangiza kuti chalacho chidulidwe, iye adakana, ndipo adangomuchotsa chikhadabo ndi mnofu wa pansi pake. Mu April 1980 adaimba pa bwalo la Rufaro pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe akuoneka wamphamvu. Miyezi ingapo pambuyo pake adagwa akuthamanga ku New York, khansa itafika kale kuubongo, kumapapo ndi kuchiwindi. Adamwalira ku Miami pa 11 May 1981 ali ndi zaka 36.

Mizere yakuda pazikhadabo ndi yofala mwa ife, makamaka tikamakula, ndipo yambiri ilibe vuto. Chenjerani ndi mzere wa pachala chimodzi chokha, makamaka chala chachikulu, wotambalala mamilimita 3 kapena kuposa, wokula kutsinde kuposa kunsonga, kapena wong'amba chikhadabo. Utoto ukasefukira pakhungu lozungulira chikhadabo, chizindikiro chimene Jonathan Hutchinson adachifotokoza mu 1886, musachedwe. Wodwala akati, "Ndinadzimenya ndi hamala," pali njira yodziwira. Magazi oundana amayenda ndi chikhadabo pamene chikukula, cha padzanja pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, cha kuphazi mochedwerapo, ndipo kutsinde kumayamba kuyera. Melanoma siisuntha, chifukwa gwero la utoto lili kutsindeko. Jambulani, yezani, muuzeni abwerenso.

Tikakayikira, tichite chiyani? Popeza chithandizo chonse chimadalira kuzama, katswiri wa ku labotale ayenera kulandira chotupa ndi tsinde lake. Banga laling'ono lichotsedwe lonse, ndi kachikopa kabwino ka mamilimita awiri kapena atatu mozungulira, mpeni ufike mpaka pamafuta. Likakhala lalikulu moti simungatseke, dulani kachidutswa kozama pamalo otupa kapena akuda kwambiri, osati pakati powola. Musapale pamwamba, musaotche, musakolope, pakuti mukatero mwafafaniza muyeso wa Breslow. Mnofuwo ulowe nthawi yomweyo mu formalin wochuluka kakhumi kuposa mnofuwo, m'kabotolo ka kukamwa kwakukulu. Pafomu lembani malo enieni, kukula kwake, nthawi imene chakhalapo, za HIV, za anabere, ndi nambala ya foni ya wodwala kapena ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake. Kuyambira mu 2011 chipatala cha Kamuzu Central chili ndi labotale yoyeza minofu, imene idakhazikitsidwa mothandizana ndi bungwe la UNC Project. Ili m'tauni ya Lilongwe, kumene msewu womwewu wa Mchinji umakafika. Palibenso chifukwa choti mnofu wochotsedwa kuphazi kwa munthu uponyedwe m'ndowa.

Zotsatira zikatsimikiza, pamafunika opaleshoni yachiwiri yochotsa khungu lozungulira chipsera. Chotupa chosapitirira milimita 1 chimafuna sentimita 1 mbali zonse. Chopitirira mamilimita 2 chimafuna masentimita 2. Kuphazi khungu silikokeka, ndiye nthawi zambiri pamafunika kuikapo chikopa chochokera pantchafu. Ya kuchikhadabo ikazama, chala chimadulidwa pamfundo. Anabere akakhala otupa ndi olimba, wodwala atumizidwe kwa madokotala a opaleshoni ndi a khansa ku Kamuzu Central.

Apa ndi pamene pakamwa pathu pamagwira ntchito kuposa mpeni. Anthu ambiri amakhulupirira kuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa. Chikhulupirirochi chili ndi pochokera: amaona anthu amene adachitidwa opaleshoni mochedwa akumwalira posakhalitsa. Koma kafukufuku waonetsa kuti kudula kachidutswa koyeza sikufupikitsa moyo wa wodwala. Khalani pansi ndi wodwala pamodzi ndi womuyang'anira, ndipo ngati nkhani ndi yodula chala, lolani kuti mwini mbumba amve nawo. Nenani zomveka: "Amayi, chotupachi chikadali pamalo amodzi. Tikachichotsa tsopano mutsala ndi chipsera, koma muziyenda ndi phazi lanu. Tikadikira mukolole kaye, chikhoza kukwera mwendo, ndipo kumeneko mpeni sufikako." Munthu akamvetsa chifukwa chake, kawirikawiri savuta.

Mwina ena mwamva kuti kunja melanoma ikuchizika ndi mankhwala atsopano. N'zoona ndithu. Mu 2002 akatswiri a ku Sanger Institute ku England adapeza chilema pa jini yotchedwa BRAF, chimene chimapezeka mu pafupifupi theka la melanoma ya pakhungu ndipo chimachititsa selo kuchulukana kosalekeza. Pofika 2011 padatuluka mapiritsi a vemurafenib otseka chilemacho. Njira ina idachokera kwa James Allison ndi Tasuku Honjo, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2018. Iwo adapeza zinthu zimene zimagwira manja asilikali a m'thupi kuti asamenye, zomwe khansa imazipezerapo mwayi, ndipo mankhwala monga pembrolizumab, amene adavomerezedwa mu 2014, amamasula asilikaliwo. Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa America, adapezeka ndi melanoma kuchiwindi ndi kuubongo mu 2015 ali ndi zaka 90. Adachitidwa opaleshoni, kuotchedwa ndi makina ndi kulandira pembrolizumab, ndipo adakhala mpaka December 2024, zaka 100.

Koma kumbukirani mfundo ija ya DNA. Chilema cha BRAF chimapezeka mwa mmodzi yekha mwa odwala asanu a melanoma ya kuphazi, mwinanso osakwana. Ndipo popeza ya kuphazi ili ndi tizilema tochepa, asilikali a m'thupi amavutika kuizindikira kuti ndi mdani, moti mankhwala omasula asilikali aja amathandiza ochepa poyerekeza ndi ya dzuwa. Onjezerani mtengo wake, madola a ku America masauzande angapo pa diripu imodzi yokha. Mankhwala akale monga dacarbazine amathandiza ochepa, kwa kanthawi. Makina ootcha khansa amachepetsa ululu ndi kutuluka magazi, koma sachiza imene yafalikira. Choncho mtundu umene umatigwira ifeyo ndi umene mankhwala atsopano akuulephera kwambiri. Chithandizo champhamvu chimene dziko lathu lili nacho pa melanoma ndi maso a mlangizi wa zaumoyo ndi mpeni wa dokotala wa pachipatala ngati chino, zikagwira ntchito nthawi yake. M'mera m'poyamba.

Ndinene pang'ono za anzathu achialubino, amene kalembera wa 2018 adawapeza okwana 134,636. Iwo ma melanocyte ali nawo, koma sapanga utoto wokwanira, ndiye dzuwa limafika pa DNA popanda chotchinga. Khansa imene imawagwira kwambiri si melanoma, ndi ya maselo ena a pakhungu, ya kumaso, kumakutu, kukhosi ndi kumikono. Kwa iwo uthenga wa dzuwa ndi wofunikadi: chipewa chachikulu, zovala za manja aatali, mafuta oteteza khungu, ndi kuyezedwa khungu kawirikawiri, monga amalimbikitsira mabungwe a APAM ndi Standing Voice. Melanoma ikawagwira kawirikawiri siikhala yakuda. Kachilonda kapena kotupa kalikonse kosapola pa munthu wachialubino kayezedwe.

Nanga amene afika mochedwa? Amenewa tisawauze kuti palibe chimene tingachite, chifukwa chilipo. Morphine wamadzi aperekedwe pa nthawi yake, osadikira kuti munthu ayambe wabuula. Metronidazole wopera wowaza pachilonda amachotsa fungo, ndipo fungo likachoka zidzukulu zimabwereranso m'nyumba ya agogo. Nthawi zina kuchotsa chotupa chowola kumathandiza ngakhale khansa itafalikira, kuti munthu agone tulo. Chipatala cha St Gabriel's cha kuno ku Namitete, chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg adachiyambitsa mu 1959, chimadziwika ndi ntchito yosamalira odwala matenda osachizika pachipatala ndi kumudzi komwe. Odwala a melanoma alowe m'ndondomeko imeneyo tsiku limene tadziwa kuti yafalikira, osati sabata yomaliza.

Palinso chinthu china chimene Namitete adaphunzitsa dziko. Mu 2008 Josh Nesbit, wophunzira wa ku Stanford, adabwera kuno ndi mafoni akale ndi kompyuta imodzi, ndipo anthu odzipereka a m'midzi adayamba kutumiza mauthenga kuchipatala m'malo mopalasa njinga mtunda wautali. Ntchito imeneyi ndi imene idabala Medic Mobile, imene idafalikira kumayiko ambiri. Mafoni a lero ali ndi kamera. Mlangizi wa ku Nambuma akhoza kupempha chilolezo kwa wodwala, kutsuka phazi, kuika rula pambali pa banga, kujambula poyera osaonetsa nkhope, n'kutumiza kwa dokotala tsiku lomwelo. Foni yomweyo ikhoza kumuitana wodwala zotsatira zikabwera, pakuti lipoti logona m'kabati silichiza munthu.

Pempho langa kwa inu nali. Munthu wamkulu aliyense wobwera kudzayezetsa shuga kapena BP, kudzatenga ma ARV kapena kudzagonekedwa m'wodi, muuzeni mwaulemu kuti, "Agogo, tavulani nsapato tione mapazi," ndipo muyang'ane pansi pake, pakati pa zala ndi pazikhadabo. Banga kapena chilonda chilichonse chokayikitsa chiyezedwe ndi rula, muyeso ulembedwe m'kabuku ndi tsiku lake, kuti wobwera pambuyo panu adziwe ngati chakula. Gwirani m'mphechepeche ndi m'khwapa. Alangizi a zaumoyo, mukakhala pamsonkhano wa mfumu kapena pasikelo ya ana, auzeni anthu kuti aziyang'anitsitsa mapazi a makolo awo powasambitsa. Madokotala, musayambe mankhwala a Kaposi pa chotupa chimodzi chokha chosayezedwa. Mnofu uliwonse wochotsedwa kuphazi kapena kuchikhadabo upite ku labotale, ndipo zotsatira zake zimupeze mwini wake.